Kosi ya oil and gas ya Loweruka mu Blantyre muno: maphunziro ndi abwino, koma za ntchitozo musatengeke nazo

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa za kosi ija ikuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, yoti amaphunzitsa za mafuta ndi gasi Loweruka lokhalokha mtauni muno, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Dzina la sukuluyo sinditchula, amene mwaona positala yake mukuidziwa kale, ija ili ndi munthu wavala chipewa chachikasu ataima pa nsanja yazitsulo pakati pa nyanja. Fizi ndinalipira ndekha, palibe wandituma kuti ndiwayamikire kapena kuwanyoza.

Maganizo anga ndi awa: aphunzitsi ake ndi katakwe, zomwe amaphunzitsa ndi zenizeni ndipo zinditsegula maso, koma mawu ali pa positala aja oti mukamaliza makampani a mafuta azikusakani okha, amenewo si oona ndipo akupweteketsa ana a eni.

Malo ake ndi chipinda cham'mwamba pa nyumba ina kufupi ndi msewu wa Chipembere, ukatsika minibasi yopita ku Limbe suyenda mtunda. Mipando ndi yapulasitiki, projekita imawalira pakhoma, magetsi akathima mumadikira kaye ayatse jenereta ya shopu yapansi ndipo ikayaka phokoso lake aphunzitsi amachita kukuwa. Tiyi ndi mandasi amapereka nthawi ya buleki. Zimenezo ndilibe nazo vuto kwenikweni, tonse tikudziwa mmene zinthu zilili.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kaphunzitsidwe. Aphunzitsiwa ndi bambo achikulire ndithu, anaphunzira za miyala, ndipo salankhula chizungu chokhachokha ayi, akaona kuti tasokonekera amatembenukira ku Chichewa mpaka wina aliyense agwedeze mutu. Tsiku la fracking, njira ija yoswa miyala pansi panthaka kuti mafuta ndi gasi atuluke, anabwera ndi njerwa yootcha ndi kamwala kakuda kophwatalala, ka timizere timizere, kamene amati shale. Anathira madzi pa njerwa, madzi analowa pompo njerwa n'kuda. Anathira pa kamwala kaja, madzi anangotsetsereka kugwera patebulo. Kenako anauyendetsa m'kalasi tonse tiugwire, nde akuti mafuta ndi gasi ali mkati mwa mwala ngati umenewu, atsekeredwa, ukangoboola basi satuluka, pamafunika kuuswa. Ndinamva pompo zomwe ndakhala ndikuwerenga pa intaneti osazimvetsa.

Kachitidwe kake poyambira n'chimodzimodzi kuboola mjigo kumudzi, kungoti awa amatsika makilomita awiri kapena atatu pansi, akafika pa mwala uja chitsulo chimakhota n'kuyamba kuyenda chopingasa mkati mwa mwalawo, kenako amapopera madzi osakaniza ndi mchenga komanso mankhwala mwamphamvu zedi mpaka mwala kung'aluka, mchenga uja umatsalira m'ming'alu kuti isatsekekenso, gasi kapena mafuta n'kupeza njira yotulukira. Chitsime chimodzi chimadya madzi malita mamiliyoni, ndipo ena mwa madziwo amabwerera kumtunda ali oipa, amchere, ofunika kuwasamala. Njira imeneyi ndi imene inapangitsa America kukhala dziko lopopa mafuta ambiri padziko lonse mu 2018, kuposa Saudi Arabia ndi Russia. Nde mukuona chifukwa chake makampani anathamangira kumayiko ena kukafuna malaisensi, komanso chifukwa chake anthu okhala m'maderawo anayamba kuopa za madzi awo ndi zivomerezi.

Gawo lomwe ndikuti ndalama yanga inabwerera ndi la maboma kuimitsa kaye ntchitoyi. Anatenga nthawi yaitali pamenepa ndipo anachita bwino. Anayamba ndi kutifotokozera kuti kampani yofufuza mafuta si ngati filing'i siteshoni yoti tsiku lililonse ikugulitsa. Ambiri mwa makampaniwa ndi ang'onoang'ono, alibe chogulitsa chilichonse, ali ndi laisensi, mapu, ndi chiyembekezo basi. Ndalama zoyendetsera zimachokera kwa ogula masheya ndi ngongole. Nde boma likangoti imani kaye tifufuze, kampaniyo imakhalabe ikulipira antchito, lendi ya malo, maloya, chiwongoladzanja, pomwe ogula masheya aja akuthawa chifukwa palibe akudziwa kuti kudikiraku kutha liti. Aphunzitsi amati nthawi zina kwa kampani yaing'ono kuimitsidwa kaye kumapweteka kuposa kuletsedwa kotheratu, chifukwa ukaletsedwa umadziwa chochita, umapita kukhoti kapena umalongedza, koma ukaimitsidwa umangokhala pakati, kupita ayi kubwerera ayi, ndalama zikutha.

Chitsanzo chomwe anakhalitsapo ndi cha Cuadrilla ku England. Kampaniyi inayesa fracking kufupi ndi Blackpool mu 2011, kunachitika chivomerezi chaching'ono cha 2.3 pa sikelo yoyezera zivomerezi, ntchito inaimitsidwa mpaka kumapeto kwa 2012. Boma litalolanso linaika lamulo loti pakangogwedezeka kufika 0.5 ayenera kuima kaye, ndipo 0.5 ndi kagwedezeko koti munthu sungakamve n'komwe, makina okha ndi amene amakaona. Anayambanso mu 2018 pa malo otchedwa Preston New Road ku Lancashire, anthu akuchita zionetsero pageti, ntchito ikuima ima, mpaka mu Ogasiti 2019 kunagwedezeka kufika 2.9 anthu n'kumva m'nyumba zawo. Mu Novembala 2019 boma linaimitsa fracking ku England konse. Ndiye chimene chinatidabwitsa tonse m'kalasi, mu Sepitembala 2022 Liz Truss atakhala nduna yaikulu anachotsa chiletsocho, masheya a makampaniwa n'kukwera, mu Okutobala chaka chomwecho Rishi Sunak atalowa anachibwezeretsa. Milungu yochepa chabe. Tangoganizani munthu amene anagula masheya atamva nkhani yoyamba ija. Kampani ina ya komweko, IGas, inafika posintha dzina mu 2023 kukhala Star Energy n'kuyamba kuyang'ana kwambiri za kutentha kwa pansi panthaka.

Zitsanzo zina anadutsa mwachangu. France inaletseratu ndi lamulo mu 2011 n'kulanda malaisensi a Schuepbach Energy ndi Total, Schuepbach inapita kukhoti koma mu 2013 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linati lamulolo lili bwinobwino. Bulgaria mu 2012 inalanda chilolezo cha Chevron. Ku New York kampani ya Norse Energy inali ndi malo ambiri odikira kuboola, boma likungoti tikuunikabe tikuunikabe kwa zaka, kampaniyo inagwa ndi ngongole mu 2012, chiletso chenicheni chisanalengezedwe n'komwe, poti gavana wa New York, Andrew Cuomo, anadzachilengeza mu Disembala 2014. Apa m'pamene ndinaona kusiyana: Chevron ndi Total zikadalipo mpaka lero, zili ndi zitsime kumayiko ena, kuluza laisensi imodzi kwa iwo si imfa, koma Norse inathera pomwepo. Ku Australia kokha ndi komwe anatchula kampani yaing'ono yomwe inatolako kanthu, Metgasco, boma la New South Wales litaimitsa laisensi yake mu 2014 nkhani inapita kukhoti, pamapeto pake mu 2015 boma linagula malaisensi ake pa madola a ku Australia 25 miliyoni.

Za ku Joni anazifotokoza mokoma chifukwa ambiri m'kalasi tili ndi abale kumeneko. Dera la Karoo ndi louma, alimi ake amadalira madzi apansi, Shell ndi makampani ena monga Falcon ndi Bundu anapempha kukafufuza gasi, anthu anakana mwamphamvu, boma linaimitsa mu Epulo 2011 n'kudzachotsa chiletso mu Sepitembala 2012. Koma kuchotsa chiletso sikunatanthauze kuti ntchito yayamba ayi, malamulo oyendetsera fracking omwe boma linatulutsa mu 2015 khoti linawakana mu 2017, ndipo zaka zinangodutsa choncho. South Africa imene ili ndi mainjiniya, madoko, mabanki akuluakulu, zinavuta chonchi.

Kenako anabwera kwathu kuno, ndipo apa kalasi yonse inakhala chete, mafoni pansi. Anachenjeza kaye kuti tisasakanize, zomwe zinachitika ku Malawi sizinali za fracking, kunali kuimitsa malaisensi ofufuzira mafuta, koma zotsatira zake kwa makampani n'zofanana. Dziko lathu linagawidwa mabuloko 6, ena akugwera m'nyanja ya Malawi momwe. Surestream Petroleum ya ku Britain inapatsidwa mabuloko 2 ndi 3 mu 2011, SacOil ya ku South Africa inatenga buloko 1 mu 2012, RAK Gas inatenga 4 ndi 5, Pacific Oil inatenga 6, kenako Hamra Oil inadzalowa m'mabuloko a Surestream aja. Laisensi ya Surestream ndi imene inadzutsanso mkangano wa malire ndi Tanzania, ife tikuima pa pangano la Heligoland la 1890 loti malire ali m'mphepete mwa nyanja kutsidya, iwo akuti ali pakati pa nyanja, mpaka akuluakulu monga Joaquim Chissano, pulezidenti wakale wa Mozambique, kulowererapo. Mapangano ena ogawana phindu anasainidwa masiku ochepa zisankho za pa 20 Meyi 2014 zisanachitike, boma latsopano la a Peter Mutharika litalowa linaimitsa malaisensi onse mu Novembala 2014 kuti liunike mmene anaperekedwera, n'kudzalola kuti ntchito ipitirire mu 2016. Pa nthawi yomweyo mtengo wa mafuta padziko lonse unali utagwa kuchoka pa madola opitirira 100 pa mgolo pakati pa 2014 kufika pansi pa madola 30 kumayambiriro kwa 2016, nde ndani akanaika ndalama zake pa nyanja yakuya, ya dziko lopanda doko, yokanganirana malire, malaisensi ake akuunikidwa? Lamulo lathu la mafuta lomwe amagwiritsa ntchito popereka malaisensiwo ndi la 1983. Mpaka lero palibe dontho la mafuta a m'nyanja yathu lomwe lagulitsidwa.

Panabuka mtsutso wabwino tsiku limenelo. Mayi wina kwawo ndi ku Mangochi, amagwira ntchito kubanki, anati iye akuthokoza kuti zinaima, chifukwa mafuta akangotayika m'nyanja chambo ndi usipa zatha, ndipo nyanja yathu madzi ake sasinthika msanga, potulukira ndi pa Shire pokha. Mnyamata wina wa ku Ndirande anamuyankha mokwiya ndithu kuti amayi inu muli pantchito, ife tikugona pa mzere wa mafuta ndi njinga za kabaza za eni, dziko likusowa madola ogulira dizilo, mafuta tili nawo pansi tizingowayang'ana? Aphunzitsi sanatenge mbali, anawasiya alankhule onse, kenako anangowonjezera kuti ngakhale mafuta atapezeka mawa, kuchoka pa kupeza kufika pa kugulitsa pamadutsa zaka zambirimbiri, Uganda inapeza mafuta ku nyanja ya Albert mu 2006 koma panatenga zaka zoposa 15 kuti ayambe kumanga paipi ya makilomita 1,443 yopita ku doko la Tanga.

Ine mbali yanga ndili nayo ndipo sindibisa. Ndili ndi mayi aja. Madzi omwe timamwa mu Blantyre muno ambiri amapopedwa pa Walker's Ferry mu Shire, magetsi athu akuchokera pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira mu Shire momwemo, ndipo Shire ndi nyanja yomweyo ikutsika. Tilinso m'chigwa cha zivomerezi, a ku Karonga sanaiwale za Disembala 2009. Boma likaima kaye kuti lione bwino, ine sindiona cholakwa. Chomwe chimandipweteka ndi dongosolo lake, kupereka malaisensi kaye malamulo akale akale, kusaina mapangano mothamanga, kenako n'kudzaimitsa pambuyo. Pamenepo aliyense waluza, kampani yaluza, dziko latchuka ndi mbiri yosadalirika, ndipo msodzi wa ku Nkhata Bay sanafunsidwe poyamba pomwe. Mnyamata uja naye sindimuweruza, mkwiyo wake ndi womveka, aliyense amene anagonapo pa filing'i siteshoni akuudziwa.

Tsopano vuto langa ndi sukuluyi. Zonse ndalembazi zikuphunzitsidwa m'kalasi mwawo momwemo, kutanthauza kuti eni sukulu akudziwa bwino lomwe kuti ku Malawi kulibe kampani yomwe ikuboola mafuta n'kumalemba anthu ntchito chambiri. Nanga bwanji positala ikuti mudzalumikizidwa ndi makampani a mafuta mukamaliza? Ambiri m'kalasi anali achinyamata ongomaliza kumene fomu folo kapena koleji, ena fizi anachita kukongola kubanki mkhonde ya mayi awo, ndipo fizi yake si yaing'ono kwa munthu wosagwira ntchito. Mtsikana wina anakhala pafupi nane amalemba chilichonse m'kope, mpaka madeti onse, tsiku lina pa buleki anandifunsa motsitsa mawu kuti achimwene, nde CV tizikapereka kuti? Ndinasowa chomuyankha ndipo zinandiwawa.

Funso lomwelo litafunsidwa m'kalasi, aphunzitsi anayankha moona mtima, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Anati ntchito zenizeni za kuboola zapafupi zili ku Cabo Delgado ku Mozambique ndi ku Uganda, koma mayikowo amayamba alemba nzika zawo, ndipo amafuna anthu a mapepala odziwika, owotcherera zitsulo, amagetsi, mainjiniya, osati satifiketi ya Loweruka. Anakumbutsanso kuti ku Mozambique komweko TotalEnergies, Total ija, inaimitsa ntchito mu Epulo 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma, anthu ambiri n'kubwerera kwawo. Nditapita ku ofesi kukafunsa kuti makampani omwe amalumikizana nawowo ndi ati, achemwali a pa desiki anangoti abwana ndi amene akudziwa, abwanawo sapezeka, nambala yawo imangoitana.

Zina zomwe sizinayende: manotsi amatumiza pa gulu la WhatsApp ngati zithunzi zojambula ndi foni, zina zosawerengeka, bandulo yako yomwe. Analonjeza ulendo wokaona depoti ya mafuta, sunachitike, akuti chilolezo chinavuta, koma ndalama ya thiransipoti yomwe tinasonkha sanabweze mpaka tinachita kukakamira. Satifiketi inachedwa, ndipo itabwera palibe paliponse pomwe palembedwa kuti ndi yovomerezeka ndi TEVETA kapena NCHE, mabungwe a boma ovomereza maphunziro. Musanalipire funsani zimenezi, akuonetseni pepala lake ndi maso anu, asangokuuzani pakamwa.

Chinanso, kosi yonse yatsamira pa kufufuza ndi kuboola, pomwe ntchito za mafuta zomwe zilipodi ku Malawi ndi za mbali inayi: kuitanitsa kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, kusunga m'madepoti, mathankala, mafiling'i siteshoni, malamulo a MERA, ntchito ya NOCMA, komanso gasi wophikira amene anthu ena mtauni muno ayamba kugwiritsa ntchito makala atakwera mtengo. Mbali imeneyi anaipatsa ka nthawi kochepa kumapeto, mothamanga, pomwe ndi imene ikanathandiza mnyamata wa kabaza uja kapena mtsikana wa kope uja kupeza poyambira, kaya kutsegula malo odzazira masilinda kaya kufunsira ntchito ya chitetezo pa depoti. Ndinawalembera zimenezi pa fomu ya ndemanga yomwe anatipatsa.

Nde ndani apite? Ngati ndinu mtolankhani, loya, wa bungwe loona zachilengedwe, wogwira ntchito kubanki kapena m'boma, kapena mumangofuna kumvetsa nkhanizi zikamatuluka pa wailesi, pitani, simudandaula, gawo la maboma kuimitsa makampani lokha lija ndi lokwanira fizi yanu. Ineyo ndimachita za maakaunti ndipo tsopano ndikamva kuti kampani yakuti yapatsidwa laisensi ndimadziwa mafunso ofunsa: ili ndi ndalama zoboolera kapena ikungofuna kudzagulitsa laisensiyo kwa ena, pangano lake laonekera poyera, lipoti la zachilengedwe lachitika, anthu a m'deralo afunsidwa. Koma ngati mukufuna ntchito ndipo ndalamayo ndi yokongola, ndikupemphani, kaipereke ku kosi ya kuwotcherera kapena ya zamagetsi pa koleji yovomerezeka monga Soche Technical, pepala la kumeneko limagwira ntchito kuno komanso kunja.

Pa nyenyezi zisanu, aphunzitsi ndikuwapatsa zonse zisanu, ofesi ndi positala yawo imodzi. Ndamva kuti akulembanso gulu lina mwezi wamawa ndipo positala sanaisinthe, nde amene muli ndi achibale omwe akufuna kulembetsa atumizireni izi awerenge kaye, ndipo akapita akafunse za chivomerezo cha satifiketi ndi mayina a makampani aja asanatulutse ndalama.